Masipeya a Land Cruiser yakale timawaoda chonchi

Achimwene, funso lanu ndalimva. Mwati bambo anu anakusiyirani Land Cruiser ya HJ60, yakhala pamiyala kuseri kwa nyumba zaka zambiri, ndipo mukufuna kuidzutsa pang'onopang'ono Loweruka lililonse, kuti muziyendera nokha, simukuganiza zogulitsa. Mukufunsa kuti ife oyenda ku Joni ndi ku Dar kukaoda masipeya ntchito yathu imayenda bwanji, mtengo timaupeza bwanji, nanga munthu angatikhulupirire mpaka pati. Ndikuyankhani mwatsatanetsatane, chifukwa galimoto zimenezi ndimazikonda, ndipo mtima umandiwawa ndikaona ina ikudulidwa n'kugulitsidwa pasikelo kwa ogula zitsulo.

Mudziwiretu kuti katundu wa galimoto ngati yanuyo sitisunga. Geni yathu imayenda ndi zinthu zotuluka msanga: mabuleki a Sienta, mafyuluta a Hilux, zam'munsi za minibasi za Hiace. Zimenezo timapikula zambiri chifukwa mwezi usanathe zimakhala zapita. Land Cruiser 60 inapangidwa kuyambira 1980 mpaka cha m'ma 1990, kenako inalowedwa m'malo ndi Land Cruiser 80. Amene akuiyendetsabe kuno ndi ochepa, ndiye wamalonda amene angagoneke mpamba wake pa chitsulo cha galimoto imeneyi akhoza kudikira chaka wogula osabwera. Zanuzo zimayenda ngati oda yapadera. Mumanena chomwe mukufuna, ine ndikafufuza, ndikutumizirani chithunzi ndi mtengo pa WhatsApp, inu muvomera n'kulipira gawo, pamenepo ndiye ndigula.

Koma kunena kuti "ndikufuna pampu ya madzi ya Cruiser yakale" sikokwanira, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amatayira ndalama. Galimoto za 60 kunja zimafanana, koma m'kati zimasiyana kwambiri. FJ60 ili ndi injini ya petulo ya 2F, FJ62 ili ndi 3F, BJ60 ili ndi dizilo ya masilinda anayi ya 3B, HJ61 ili ndi 12H-T ya turbo, ndipo yanuyo, ngati ilidi HJ60, ili ndi 2H, dizilo ya masilinda asanu ndi limodzi ya malita 4. Giyabokisi ikhoza kukhala ya magiya anayi kapena ya asanu, H55F. Galimoto zoyamba zinali ndi nyali ziwiri zozungulira, zomaliza zinabwera ndi nyali zinayi za makona. Ndiye tsegulani boneti, mupeze kachitsulo kolembedwa komwe Toyota anakhomera m'katimo, mukatsuke bwino, mukajambule. Pamenepo pali nambala ya chasisi, mtundu wa injini, ndi zilembo zosonyeza giyabokisi ndi ekiselo. Muyerekeze ndi nambala yodindidwa pa chasisi penipeni komanso ya mu blue book. Ogulitsa a ku Joni amalowetsa nambala imeneyi pa kompyuta, n'kutulutsa nambala ya sipeya ya Toyota, ya manambala khumi. Ndikakhala ndi nambala imeneyo ndimagula ndi mtima pansi. Ndikakhala ndilibe ndimangolota, ndipo kulotako amalipira ndinu. Chinanso, galimoto yomwe yatha zaka pafupifupi 40 yadutsa m'manja mwa amakaniko ambiri. Mwina injini yomwe ilimo si imene inabwera nayo. N'chifukwa chake pa zinthu zing'onozing'ono ndimakonda kuti mundipatse chakalecho ndipite nacho m'chikwama, ndikachigoneke pambali pa chatsopano pakauntala.

Funso lina loti muliyankhe musanagule chilichonse chamagetsi: galimotoyo ndi ya 12 volts kapena 24? Za dizilo zambiri zomwe zinagulitsidwa ku Japan ndi ku Ulaya zinali za 24, pomwe za misika ina zinali za 12. Kuona mabatire awiri sikuyankha funsoli, wamagetsi ayeze. Sitata, alternator, ma glow plug, mababu ndi mota ya mawaipa zonse zimatsatira pamenepo.

Tsopano malangizo omwe wamalonda wofuna ndalama yachangu sangakupatseni: musaode kanthu panopa. Yambani mwachotsa mipando ndi kapeti, muone pansi. Mdani wa 60 ndi dzimbiri. Limadya m'ngalande za denga, mozungulira galasi lakutsogolo, pamwamba pa matayala akumbuyo, pansi pa chitseko chakumbuyo, ndi chasisi chakumbuyo komwe matope amakhalira. Tengani hamala yaing'ono mugogode chasisi chonse. Ngati chili bwino, galimotoyo ndi yoyenera kuivutikira ngakhale injini itakhala yakufa. Ngati chikuboola, mukhale pansi ndi wowotcherera wodziwa ntchito musanatumize ndalama kwa ine kapena kwa wina aliyense. Ndaonapo anthu akuyamba ndi penti, marimu owala ndi wailesi, kenako ndalama n'kuthera pomwepo, galimoto yokongola koma yosaima ikapondedwa mabuleki. Mndandanda wanu uyambe ndi chasisi ndi bodi, mabuleki, chiwongolero ndi ekiselo yakutsogolo, kenako injini ndi zoziziritsa. Penti ibwere pomaliza.

Komwe timagula kumadalira chinthucho. Zatsopano, monga mabering'i, masili, magasiketi, kilatchi ndi marabala, ine ndimadalira Johannesburg ndi Pretoria, komwe kuli mashopu ochita za Land Cruiser zokhazokha, ndipo amasunga zida zochokera ku Japan ndi ku Australia. Zakale zogwirapo ntchito anzanga amazitenga ku Dar es Salaam, ku Kariakoo ndi ku Ilala, n'kulowa nazo pa Songwe. Ena amaitanitsa ku Sharjah, komwe kumafikira galimoto zodulidwa pakati kuchokera ku Japan, koma za 60 zikusowa chaka ndi chaka, chifukwa ku America, ku Ulaya ndi ku Japan komweko anthu azitenga ngati chuma, ndipo akupikisana nafe pa zidutswa zomwezo. Lusaka ndi pafupi kwa a ku Lilongwe, makamaka chitsegulireni boda ya malo amodzi ya Mchinji ndi Mwami mu 2022, ndipo nthawi zina chinthu chosowa chimapezeka kumeneko.

Za mtengo. Mukaona sipeya pa intaneti ili pa marandi akutiakuti, n'kuwerengera pa mtengo wa kubanki, kenako ine n'kukuuzani ndalama yoposa pamenepo kwambiri, musafulumire kunena kuti ndikukuberani. Kuchoka ku Johannesburg kufika ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 1,700, kudutsa Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, Zobue mpaka Mwanza. Maboda atatu, ndipo paliponse pali chodikira ndi cholipira. Basi kapena transporter amatchaja potengera kulemera ndi malo omwe katundu watenga. Bokosi la masili ndi mabering'i limalowa m'chikwama changa. Masipuling'i a 60 ndi a zitsulo zosanjikiza kutsogolo ndi kumbuyo komwe, anayi onsewo ndi katundu wa amuna awiri, ndipo mtengo wonyamulira umawawa. Pamwamba pake pali vuto la ndalama zakunja. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo kupeza randi kapena dola kubanki kwakhala kovuta kwa wamalonda wamng'ono. N'chifukwa chake mtengo womwe ndakuuzani lero sungadikire mwezi. Ndimapempha gawo lalikulu patsogolo kuti ndisinthe ndalamayo tsiku lomwelo, isasungunukire m'manja.

Pa boda, a MRA amawerengera msonkho pa mtengo wa katundu kuphatikizapo ndalama yonyamulira ndi inshuwalansi, kenako VAT imabwera pamwamba pa zonsezo. Katundu akachuluka timadzera kwa clearing agent, amene amalowetsa zonse mu ASYCUDA, dongosolo la pa kompyuta lomwe a MRA amagwiritsa ntchito pa katundu wodutsa pa boda. Masipeya ambiri amagwera pa mutu 8708 wa bukhu la misonkho, koma injini yathunthu ya dizilo ili pa wake, 8408, ndipo mafyuluta, mabering'i ndi magalasi nazonso zili kwina. Mudzamva anthu akunena kuti katundu wa ku Joni salipira duty chifukwa cha SADC, kapena kuti wa ku Zambia amalowa ndi fomu yosavuta ya COMESA ya amalonda ang'onoang'ono. Zimenezo n'zoona pa katundu wopangidwa m'mayiko amenewo, wokhala ndi chikalata chosonyeza komwe anapangidwira. Bering'i yopangidwa ku Japan imakhalabe ya ku Japan ngakhale mwaigula ku Pretoria, ndipo imalipira mokwanira. Zogwirapo ntchito ndiye zimabweretsa mkangano, chifukwa ofesala akaona kuti lisiti ikuonetsa mtengo wotsika kwambiri ali ndi mphamvu yokweza mtengo wowerengerapo msonkho. Alipo amene angakuuzeni kuti iwo ali ndi njira yawo, katundu amadutsa osalipira. Pa galimoto yoti mudzaisunga, makamaka pa injini, akaneni. Katundu akagwidwa watayika ndi wanu, ndipo injini yopanda mapepala idzakuvutitsani pofuna kuilembetsa.

Mtundu wa sipeya nawo muzifunsa. Pali ya m'bokosi la Toyota, yodula kwambiri. Pali ya makampani omwe amapangira Toyota yemweyo, monga Aisin pa pampu ya madzi, kilatchi ndi mahabu akutsogolo, Koyo pa mabering'i, Denso pa zamagetsi. Imeneyi ndi imene ndimalangiza anthu ambiri. Kenako pali yotchipa yopanda dzina, ndi yachinyengo yomwe yavekedwa bokosi lofanana ndi la Toyota. Pa chogwirira chitseko kapena galasi la nyali, yotchipayo ikhoza kukuthandizani. Pa mabuleki, chiwongolero ndi ekiselo yakutsogolo musayerekeze. Ekiselo ya 60 ili ndi timipira tachitsulo kumapeto konse kuwiri, m'kati mwake muli joini yotchedwa Birfield yosambira mu girizi. Sili yam'kati ikatha, oyilo wa difu amasakanikirana ndi girizi n'kumatsikira kuseri kwa tayala. Kukonza pamenepo ndi ntchito ya tsiku lathunthu, yonyansa m'manja, ndipo palibe amene amafuna kuibwereza chifukwa cha sili yotchipa. Gulani seti yonse kamodzi, mbali zonse ziwiri.

Sizonse zoyenera kuchokera kunja, ndipo izi ndikunena ngakhale zikundichepetsera malonda. Mipando akusokerani kuno. Zigamba za bodi akupindirani ndi kukuwotchererani kuno. Radiyeta yakale ya mkuwa imakonzeka, masipuling'i amatha kuwapindanso, pampu ya dizilo ndi manozo kuli akatswiri ake ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Yendani ku Ndirande ndi ku Biwi musanandiimbire, mufunse amakaniko achikulire amene anagwirapo galimoto zimenezi zili zatsopano. Galasi lakutsogolo lokha muliganizire kawiri: pa basi limasweka, lifunika kabokosi kamatabwa, ndipo rabala yake igulidwe yatsopano nthawi imodzi. Zomwe zimasowa zenizeni ndi zam'kati ndi zokongoletsa, dashibodi yosang'ambika, girilo, nyali zakumbuyo, timapulasitiki ta zitseko. Pa zimenezi njira yabwino ndi kupeza 60 ina yakufa. Galimoto izi zinkayenda ndi mamishoni, maesiteti a tiyi ndi a fodya, mabungwe ndi boma, ndiye zina zikadali kuseri kwa magalaja ku Thyolo, ku Mulanje, ku Kasungu ndi kumpoto. Mukaipeza, gulani kwa mwini wake weniweni, mulemberane kalata.

Wina adzakuuzani kuti chotsani 2H muikemo 1HZ. Nzeru yake ilipo: 1HZ ya malita 4.2 yakhala mu Land Cruiser 70, mu 80 ndi mu Coaster, ndiye masipeya ake ali paliponse. Koma ine ndinganene kuti yambani mwayeza mphamvu ya masilinda a 2H. Ndi injini yaulesi pachitunda, koma yolimba, ilibe lamba wa timing chifukwa imayendera magiya, ndipo mapisitoni, maring'i ndi mabering'i ake akupezekabe. Kusintha injini kumakoka zinthu zina zambiri, zogwirira injini, kulumikiza giyabokisi, mawaya ndi ekizozi. Popeza mukuidzutsa chifukwa inali ya bambo anu, ndikuganiza kuti mudzakondwa kumva kulira komwe munkamva muli mwana. Mukasinthabe, nambala ya injini yatsopano iyenera kukalowa m'mabuku a ku Road Traffic, ndipo adzafuna kuona mapepala osonyeza komwe inachokera, apo ayi COF idzakuvutani.

Pomaliza, za kukhulupirirana. Musapereke ndalama kwa munthu amene mwangomuona pa Facebook. Funsani amakaniko kuti amaodetsa kwa ndani. Lipirani kudzera kubanki, Airtel Money kapena Mpamba kuti pakhale umboni. Wamalonda akutumizireni chithunzi cha chinthucho, nambala yake ikuoneka, asanalipire, ndipo pobwera akupatseni lisiti ya shopu ndi pepala la msonkho. Mugwirizanenso pasadakhale za chinthu chobwera cholakwika. Lamulo langa ndi ili: ngati nambala munapereka ndinu ndipo ine ndabweretsa yomweyo, katunduyo ndi wanu; ngati ndasokoneza ndine, ndimabwerera naye pa ndalama yanga. Kubweza kumatenga mwezi kapena kuposa, ndipo zamagetsi mashopu ambiri salandiranso zikatsegulidwa. Sonkhanitsani zofuna zanu zikhale maoda awiri kapena atatu akuluakulu m'malo motumiza kamodzikamodzi, chifukwa ndalama ya agent ndi ya transporter imagawika bwino katundu akachuluka. Oda yoyamba ikhale ya mabuleki onse, seti ya ekiselo yakutsogolo, mapaipi a madzi, malamba ndi mafyuluta, ndipo muitumize pokhapokha wowotcherera atanena kuti chasisi chili bwino.