Kwa achemwali amene mayi awo akubanika usiku

Achemwali, ndawerenga zomwe mwalemba, zoti mayi ali pa chemo, mankhwala olimbana ndi khansa, ndipo masiku ano akumabanika makamaka usiku, ndiye mukufunsa ngati ndi mmene khansa imachitira kapena pali chochita. Pepani kwambiri. Ine ndidadwazika bambo anga konkuno ku Joni, ndipo kumva kholo likupuma wefuwefu pakati pa usiku ndikukudziwa.

Chonde musangoti ndi khansayo basi. Kubanika kumakhala ndi gwero lake, ndipo kambiri limathandizika. Chemo imachepetsa magazi, moti munthu amatopa ngakhale popita kubafa. Nthawi zina madzi amadzadza mozungulira mapapo, monga zidachitikira bambo anga. Adawapopa kuchipatala, usiku umenewo n'kugona tulo koyamba patatha masabata. Pena ndi chibayo, pena TB, pena magazi aundana m'mitsempha ya m'mapapo. Zonsezi simungazisiyanitse muli kunyumba, ndiye auzeni a dokotala awo a khansa mawa lomwe, musadikire tsiku lolembedwa pakhadi.

Koma pali zosadikira kuti kuche. Kubanika kukabwera mwadzidzidzi, pachifuwa pakamabaya, milomo ikasintha mtundu, akamatsokomola magazi, akasokonezeka, kapena thupi likatentha kufika madigiri 38, itanani ambulansi poimba 10177 kapena 112 pafoni ya m'manja. Munthu wa chemo asilikali a m'thupi amakhala ochepa, matenda amathamanga. Gulani themometa, ndipo pofika kuchipatala nenani msanga tsiku lomwe adalandira chemo komaliza.

Za kunyumba, chimene chidatithandiza koposa ndi kafani kakang'ono ka m'manja. Kamphepo kozizirira kakamawomba kumaso, munthu amamva kuti mpweya ukulowa. Musawagoneke chagada. Akhale tsonga, aweramire patsogolo pang'ono, manja atsamire patebulo pamene mwaika pilo. Akoke mpweya ndi mphuno, autulutse pang'onopang'ono ndi pakamwa ngati akuuzira phala lotentha. Inuyo khalani pambali pawo, osati kutsogolo kowatchinga, dzanja paphewa, muzipuma nawo limodzi. Mantha amakulitsa kubanika, kubanikako n'kukulitsanso mantha, ndipo mayi amawerenga nkhope yanu. Ine ndinkakalirira panja, ndikabwera ndapukuta misozi. Musawafunse mafunso ambiri panthawiyo, kuyankhako kumadya mpweya. Ndipo abale ndi a kumpingo akabwera kudzazonda, azilowa awiriawiri. Chikondi chathu chodzadza m'chipinda chimodzi chimamulemera wodwala wotere.

Nkhani ina ndi Joni yemweyu. Mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, pamene kunyanja kwathu sikufika 500, ndiye mpweya wa kuno ndi wopepuka. Bambo anga adachokera ku Nkhotakota, ndipo masitepe a pafulati ankawagonjetsa. M'miyezi ya June ndi July timatseka mazenera n'kuyatsa mbaula kapena hita ya palafini. Utsi umenewo ndi woopsa kwa aliyense, nanji mapapo odwala. Afunditseni mabulangete, koma zenera likhale lotsegula pang'ono.

Wina pagulu pano walemba kuti mungogula makina a okosijeni. Ndikumvetsa mtima wake, koma dikirani ayezedwe kaye. Okosijeni amathandiza pokhapokha ngati watsikadi m'magazi, ndipo makinawo amadalira magetsi, omwe mukudziwa mmene amazimira kuno. Akakupatsani, pasakhale moto kapena fodya pafupi.

A dokotala akatchula morphine, mankhwala amphamvu opha ululu, musadzidzimuke ngati mmene ndidachitira ine. Ndidakana masiku angapo poganiza kuti awatayirira bambo, ndipo mpaka lero zimandiwawa kuti adavutika masiku amenewo chifukwa cha mantha anga. Pamlingo wochepa woperekedwa ndi dokotala, mankhwalawa amachepetsa kubanika. Pemphani akulumikizeni ndi a palliative care, omwe ntchito yawo ndi kuchepetsa ululu ndi zovuta ngati izi ngakhale chemo ikupitirira. Kuchipatala cha Baragwanath aliko, komanso kuli HospiceWits, yosamalira odwala kwambiri, ndi bungwe lothandiza odwala khansa la CANSA.

Nanga inuyo mukugona? Pezani wina wolandizana naye usiku. Mutiuze dera lomwe mukukhala, mwina pagulu pano pali wapafupi amene angabwere Loweruka.