Musachotsemo za chipembedzo asisi, chotsanimo ulalikiwo

Asisi funso lanu ndaliona. Mwati nkhani yanu yayifupi ija ya mayi wa Umanyano (bungwe la amayi a mpingo wa CCAP) yemwe anapita ndi mwana wodwala kwa nchimi (sing'anga wa mizimu) usiku anthu akuti ikumveka ngati ulaliki, nde mukufunsa ngati bola mungochotsamo za chipembedzo zonse. Ayi musachotse. Kuno ku Mzuzu mungalembe bwanji za mayi wa ku Chibavi mwana ali kayakaya koma osatchula pemphero olo kamodzi, palibe angakhulupirire. Vuto lake ndi loti inuyo alembi mukulowelera kwambiri, chizindikiro chilichonse mukangochiika pompo mukuchimasulira ngati owerengawo ndi ana a sande sukulu.

Tiyambe ndi njoka ija. Mwalemba bwino ndithu, mayi akutuluka mbandakucha wapeza njoka yadzipinda pakhomo, ine mpaka tsitsi linanyenyera, kenaka mzere wotsatira mwati njokayo inali Satana amene anabwera kudzayesa chikhulupiriro chake. Aaa asisi mwaiphatu nokha pamenepo. Njoka ndi Satana kwa ndani? Kwa mayiyo mwina eya chifukwa anakulira Genesis 3. Koma Baibulo lomwelo pa Numeri 21 muli njoka yamkuwa imene Mose anaipachika pa mtengo, wolumidwa akaiyang'ana amachira, ndipo pa Yohane 3:14 Yesu akudzifanizira nayo. Nanga kwa makolo athu? Ku Khulubvi ku Nsanje amati Mbona amabwera ngati nsato, Achewa ali ndi Thunga njoka ya kudziwe yokhudzana ndi mvula, konkuno kumpoto ku Rumphi kuli Chikang'ombe yemwenso amamufotokoza ngati chinjoka chachikulu. Nde tangoganizani, mu nkhani yanu muli kale apongozi aja ochokera ku Bolero amene mwangowasiya khale pa mkeka osachita kanthu. Alekeni mayi athamangire palafini kuti aithire, apongozi amugwire dzanja amvekere imeneyo saipha. Basi. Anthu awiri nyumba imodzi njoka imodzi, wina akuona mdani wina akuona mlendo wochokera kwa makolo, inu musanene amene akulondola, owerenga akakangane okha mu minibasi.

Chizolowezi chomaliza nkhani ndi kulapachi sindikukudani nacho, tinachitengera kutali. Mabuku oyamba a m'zilankhulo zathu ambiri amadutsira m'manja mwa a mishoni, Nthondo wa Samuel Ntara wa 1933 uja ndi munthu wosokonekera amene pamapeto akutembenuka mtima, ndipo Ntara anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma. Pa nthawi yake zinali bho. Koma mpaka lero tikamalemba ngati kuti abusa ndi amene achonge pepala, owerenga amadziwa mathero ali pa tsamba loyamba.

Pomwe pali chuma chenicheni mu nkhani yanu ndi pa zoyera, ndipo mwina simunazindikire. Yunifomu ya Umanyano bulauzi yoyera duku yoyera, kwa nchimi nakonso ufa woyera nkhuku yoyera. Mayiyu achoke ku msonkhano wa amayi molunjika, afike pa kona pomwe magetsi a mumsewu athera, avule duku aipinde bwinobwino aiike pansi pa chikwama kenaka azipita. Osalemba kuti anachita manyazi, osalemba kuti chikumbumtima chinamutsutsa, kuvula dukuko kwanena zonse. Ndipo akafika uko musamupange nchimi kukhala chilombo cha maso ofiira monga mwachitiramu. Amene munapitako ku vimbuza mukudziwa kuti nchimi zambiri zimavala mkanjo wa mtanda, Baibulo lili pompo, amayamba ndi pemphero ndi sumu (nyimbo ya m'tchalitchi) ng'oma zisanalire. Ngakhale Chikanga wa ku Rumphi uja amene anthu amachoka mpaka ku Tanzania ndi Zambia kukamuona cha m'ma 1960 ankaimbitsa nyimbo za chikhristu. Nde mayi wathuyu wabisa duku poganiza kuti akulowa mu mdima, akufika akupeza anthu akuimba sumu yomwe iye amatsogolera ku tchalitchi, ayimbe nawo kapena akhale chete? Ine pamenepo ndi pomwe ndingakhalitse, masamba awiri athunthu olo.

China chaching'ono koma chimapweteka, mwamupatsa kolona m'manja mayi wa CCAP. Kolona ndi ya Akatolika asisi, wa Livingstonia Synod aliyense akangoona pamenepo asiya kukukhulupirirani. Chimodzimodzi mukalemba wa Seventh Day akugulitsa pa msika Loweruka mmawa kapena Msilamu akudya masana mwezi wa Ramadan, zikhale dala ndipo nkhani ikhale yomweyo. Funsani eni mpingowo musanalembe.

Komanso mantha a mayiyu asakhale a ku gehena okha, ndi akutali amenewo. Chomwe chimamusowetsa tulo ndi choti wina amuona, nkhani ifika kwa akulu a mpingo, aitanidwa ku seshoni, amuimitsa mgonero, Lamulungu la mgonero anzake akudya iye ali khale kumbuyo aliyense akudziwa chifukwa chake. Muikemo mayi mnzake wa Umanyano amene akumana naye konko kwa nchimi, onse awiri opanda duku, angoyang'anana osapatsana moni. Ndani aulule mnzake?

Za mathero, mwana kuchira pompopompo mayi atangolapa ndi zimene zikuchititsa anthu kunena kuti ulaliki. Mwanayo wamwa mankhwala a ku chipatala cha Central, wapemphereredwa, wafukizidwanso kwa nchimi, akachira apongozi anena zawo, abusa zawo, anesi zawo. Akapanda kuchira nazonso aliyense ali ndi womuloza chala. Sankhani chimodzi koma palagalafu yomaliza ija yoyamba ndi mawu oti choncho abale tiphunzirepo ifufuteni yonse, mukakonza muponyenso muno tione.