“Ife si bungwe lachithandizo”

Amayi ena a kufupi ndi Katete andilembera pa imelo. Pampingo pawo asonkha ndalama, iwo anapempha kuti akonzere mjigo wa m'mudzi umene unafa chaka chatha. Mkulu wa mpingo anawadula pakamwa: “Ife si bungwe lachithandizo. Ntchito yathu ndi kupulumutsa mizimu, tigule zokuzira mawu.” Akufunsa ngati analakwa.

Amayi, mwanditosa pachilonda.

Pa chilala cha 2024 mpingo wathu unalandira matumba a ufa, ndipo buku la maina linali m'manja mwanga. Tinapangana kuti tiyambe ndi akhristu amene makadi awo a chopereka ali bwino. Kumapeto kwa mzere kunaima agogo ena, kasaka kopindapinda m'khwapa, mapazi ali mbuu. Ndinkawadziwa. Amuna awo anali a kudambwe, iwonso sanapondepo m'tchalitchi. Ndinayendetsa chala pamaina ndikudziwiratu kuti mulibe. “Agogo, dzina lanu mulibe.” Sanalimbane nane. Anangoti, “Zikomo mwanawanga,” n'kutembenuka. Madzulo ake tinaimba zoyamika Mulungu, ine mawu osatuluka. Kasaka kaja ndimakaonabe ndikagwada kupemphera.

Amene akuti mpingo usakhudze zathupi ayende pang'ono m'chigawo chathu chino cha Kum'mawa kwa Zambia. A mishoni ya Dutch Reformed anafika ku Magwero mu 1899, ndipo pofika 1905 anali atayamba kuphunzitsa osaona. Sukulu ya osaona ndi ya osamva zilipo mpaka lero. Ku Mwami a Adventist anasamala akhate pamene abale awo enieni ankawathawa. St Francis, chipatala chimene inu amayi mumathamangirako mwana akatentha thupi, anachiyambitsa a Anglican mu 1948, pano akuchiyendetsa pamodzi ndi a Katolika. Kodi pageti anakufunsanipo kalata ya ubatizo? Malemu Kadinala Medardo Mazombwe, amene anakhala bishopu wa Chipata zaka zambiri, analimbana kuti ngongole za Zambia zikhululukidwe, poona kuti ndalama zogulira mankhwala ndi mabuku zikuthera kubweza ngongole. Ameneyo tinene kuti anasiya Uthenga?

Sindikuti mbiri yonse ndi yoyera, ayi. Amishoni analowa kuno patangopita chaka Angerezi atagonjetsa Angoni a Mpezeni mu 1898 ndi kupha mwana wake Nsingo, ndipo ena ankaika sukulu ndi mankhwala ngati nyambo pambedza. Nyambo ija sinathe. Ndi yomweyo imene ndinagwira ine ndi buku langa la maina: lowa kwathu kuti udye. Ndimaikana ndi mtima wonse. Yesu anachiritsa akhate 10, wobwera kudzathokoza anali mmodzi, koma sanawabwezere khate enawo.

Kale ndinkati kulalika ndiye nsima, kuthandiza ndi ndiwo chabe. Pano sindivomera. Utumiki ndi wa Mulungu mwini, ife tangoitanidwa kuti tilowe m'munda mwake, ndipo iye sanalenge mzimu woyenda wopanda mimba. Pa Machitidwe 6, anthu atadandaula kuti amasiye akumanidwa chakudya, atumwi sanati zimenezo n'zadziko. Anasankhitsa anthu 7 odzala ndi Mzimu kuti aziyang'anira magawidwe. Odzala ndi Mzimu, pa nkhani ya chakudya! Nanga ife tingaime bwanji ndi zokuzira mawu kulalikira mtsikana amene wadzuka m'mamawa kukatunga madzi amatope kudambo, kumene ng'ombe zimamwa?

Tsono muchite chiyani?

Simunalakwe, amayi. Koma mkuluyo musamuchititse manyazi pagulu. Itanani mmisiri wa mijigo akuuzeni chimene chinafa ndi mtengo wake. Gwirizanani ndi amayi anzanu, mupite kwa abusa ndi mtengowo uli papepala, muwapemphe aike nkhaniyi pabwalo la akulu. Amfumu ndi komiti ya madzi adziwe. Ukakonzeka mjigowo, pasakhale loko wa mpingo, ndipo a kudambwe atunge nawo.