Pachipumi mafuta okhaokha, m'masaya mbuu: ndidzole chani?

Funso:

Anti, ndithandizeni chonde, nkhope yanga yandisowetsa mtendere. Ndili ndi zaka 24 koma ziphuphu zake ngati ndatha msinkhu dzulo. Chikundizunguza mutu nchakuti pachipumi, pamphuno ndi pachibwano pamakhala mafuta okhaokha mpaka ikamakwana 12 koloko ndimachita kunyezimira, pomwe m'masayamu mouma gwa mpaka kumasupuka. Ndinagula sopo wa ziphuphu, sikilabu ndi tona ina yonunkha sipiriti, ndimasukusula kanayi patsiku, komanso mnzanga anandipatsa kakirimu ka m'chubu komwe sabata yoyamba nkhope inasalala bwinobwino koma pano zabwereranso zambiri kuposa kale, ting'onoting'ono tofanana. Chilichonse ndikadzola chikumandiwotcha, olo loshoni wamba. Nditani?

Wotopa nazo

Yankho:

Pepa mwanawe, koma ndiyambe ndi chomwe sungakonde kumva. Chikukuwotchacho si ziphuphu ayi, ndi nkhondo yomwe waiyambitsa pankhope pakopo. Pamwamba pa khungu pali kachikuto kopyapyala kamene kamasunga madzi kuti asathawe komanso kamatchinga zoipa kuti zisalowe, nde iwe ukasukusula kanayi, kukhula ndi sikilabu kenako nkuthirapo tona ya sipiriti, kachikuto kaja ukukang'amba tsiku ndi tsiku osakapatsa mpata woti kapole. Sopo wamtanda wambiri pH yake, womwe ndi muyeso wa kuchuluka kapena kuchepa kwa asidi, imakhala cha pa 9 kapena 10 pomwe khungu limakhala cha pa 5, ndiye kumva kukokeka kuja ukatha kusamba usamati wayera, kumeneko nkuuma.

Kachubu ka mnzakoko nkomwe kandidetsa nkhawa kwambiri. Katenge uwerenge timalemba tating'ono tija, ukapezapo mawu oti betamethasone kapena clobetasol dziwa kuti ndi steroid. Amenewa amazimitsa kutupa msanga nchifukwa chake unasalala sabata yoyamba, koma ukapitiriza amapyapyalitsa khungu nkubweretsa tiziphuphu tofanana msinkhu ngati tomwe ukunenato. Ngati wadzola kwa masabata angapo usadabwe nkhope ikalusa utasiya, ndipo kuli bwino ukaonane ndi dokotala utanyamula chubucho akuuze kasiyidwe kake.

Tsopano masabata awiri akubwerawa palibe zolimbana ndi ziphuphu. Ndikudziwa zikumveka ngati ndakutaya koma ndimvere. Sikilabu ndi tona zija ziike kutali. Sukusula kawiri basi, m'mawa ndi madzulo, ndi chosukusulira chofatsa chopanda pafyumu, madzi ake ofunda pang'ono osati otentha, ndi zala zokha, ndipo thaulo uzingogunditsa osati kukhula. Kenako dzola loshoni wopepuka yemwe ali ndi glycerin kapena ceramides, wolembedwa kuti non-comedogenic kutanthauza kuti anapangidwa kuti asamatseke timabowo ta pakhungu. Apa mpomwe anthu a khungu la mbali ziwiri ngati lakoli amaphonya, amaona ngati nkhope yonse izilandira mofanana. Ayi. M'masaya dzola mokwanira, olo kubwereza kawiri, koma pachipumi ndi pamphuno kungopakapo pang'ono. Ndipo usamalumphe pamafutapo poganiza kuti pali kale mafuta, mafuta ndi madzi nzosiyana, khungu litha kunyezimira uku lili ndi ludzu.

Kuwotcha kukatha mpomwe ulowetse mankhwala, amodzi okha. Amodzi ndati. Ukayamba zitatu nthawi imodzi nkhope nkutupa, udziwa bwanji chakulakwira?

Chiphuphu chimayamba kabowo kakatsekeka ndi mafuta osakanikirana ndi tikhungu takufa, kenako mabakiteriya otchedwa Cutibacterium acnes, omwe amakhala pakhungu la aliyense, amaswanirana m'menemo mpaka kutupa. Nde mankhwala ake amasiyana ntchito. Salicylic acid wa 2% amalowa m'mafuta nkutsegula timabowo, ndi wabwino pa timitu takuda ta pamphuno, koma kwa iwe adzoledwe pachipumi, pamphuno ndi pachibwano pokha, kawiri pasabata usiku, m'masaya asafikemo. Benzoyl peroxide amapha mabakiteriya aja ndipo amathandiza pa ziphuphu zofiira za mafinya, koma usathamangire wa 10% poganiza kuti wamphamvu ndiye wachangu, wa 2.5% amagwira ntchito pafupifupi chimodzimodzi koma saumitsa kwambiri. Utha kumupaka mphindi zochepa nkutsuka. Chenjezo langa pa ameneyu nlakuti amasukulutsa nsalu, thaulo lako lokongola lija lidzatuluka mawangamawanga.

Koma ukandifunsa ine, kwa khungu losachedwa kukwiya ngati lakoli ndingayambe ndi azelaic acid wa 10%. Ndi wofatsa, amachepetsa kutupa, amatsegulako timabowo komanso amathandiza kufufuta madontho akuda omwe ziphuphu zimasiya, omwe kwa ife a khungu lakuda nthawi zambiri amakhalitsa kuposa chiphuphu chenichenicho. Masiku oyamba amanyerenyetsa pang'ono, zimenezo zisakuopse, koma kuwotcha kosaleka kapena kutupa ndiye siya. Chilichonse chatsopano uziyamba wachiyesa kuseri kwa khutu kapena m'munsi mwa nsagwada kwa masiku atatu.

Pali adapalene wa 0.1% yemwenso amagwira ntchito kwambiri, kadontho kakang'ono kunsonga ya chala kamakwana nkhope yonse, usiku, utayamba wadzola loshoni kuti asakuwotche. Koma ameneyu usamuyambe panopa, dikira khungu lichire kaye, ndipo ngati uli woyembekezera kapena ukufuna kutenga pakati usamuyandikire nkomwe.

M'mawa uliwonse sunscreen, loshoni woteteza khungu ku dzuwa, wolembedwa SPF 30 kapena kuposa, eya olo uli wakuda, chifukwa dzuwa ndi lomwe limadetsa madontho aja. Ndipo manja akowo, ndikudziwa umaima pagalasi nkumafinya, tonse tinachitapo, koma ukafinya zina zimalowera m'kati ndipo kachiphuphu ka masiku asanu kamasanduka dontho la miyezi. Yang'ananso mafuta a m'mutu, ambiri amatsikira pachipumi makamaka ukagona, nde ngati ziphuphu zandandalika m'malire mwa tsitsi wolakwa angakhale ameneyo. Nsalu ya pilo uzisintha pafupipafupi.

Mankhwala onsewa amafuna masabata 8 mpaka 12 usanaweruze kuti akanika, nde dzijambule lero pamalo owala ndipo uzijambulanso pakatha milungu iwiri iliyonse, poti galasi la tsiku ndi tsiku limanamiza. Koma ngati zikutuluka zikuluzikulu zolimba zopweteka m'kati, kapena zayamba kusiya maenje, kapena zikubwera limodzi ndi kusokonekera kwa msambo ndi tsitsi lomera pachibwano, usadikire masabata 12 amenewo, pita kwa dokotala wa khungu akakuyeze.

Anti