Kodi ndere za m'nyanja yamchere zingaphwetse chithokomiro cha amayi anu?

Mayi wina wandilembera kuti amayi ake, omwe apitirira zaka 60, ali ndi chithokomiro chimene akhala nacho kuyambira ali mtsikana. Waona pa Facebook anthu akugulitsa ndere za m'nyanja yamchere zotchedwa sea moss m'mabotolo, ati ndi mankhwala akalekale a chotupa cha pakhosi, ndiye akufunsa ngati agule.

Chimene chimandipweteka pa malonda amenewa n'choti ogulitsawo sakunama pa mbiri. Ndere za m'nyanja yamchere zinathandizadi anthu. Ku China, Ge Hong analemba m'zaka za m'ma 300 kuti wodwala chotupa cha pakhosi azimwa mowa woviikamo nderezi. Ku Salerno m'dziko la Italy, m'zaka za m'ma 1100, ankatentha ndere ndi masiponji a m'nyanja n'kumwetsa odwala phulusa lake. Ku Monte Verde m'dziko la Chile, ofukula zakale anapeza mitundu 9 ya ndere pamalo pomwe anthu ankakhala zaka 14,000 zapitazo, zina zotafunidwa kale. Koma onsewa sankadziwa chimene chinkachiza m'nderemo.

Anachitulukira ndi Bernard Courtois wa ku France m'chaka cha 1811. Iye ankagwiritsa ntchito phulusa la ndere popanga mchere wopangira onga wa mfuti, ndipo tsiku lina atachulutsa asidi anaona nthunzi yapepo ikufuka. Imeneyo inali ayodini, mchere umene ukaperewera m'thupi khosi limatupa. Mu 1820 dokotala wa ku Geneva, Jean-François Coindet, anayamba kupatsa odwala madontho a ayodini, zotupa n'kumaphwa. Anthu atamva anathamangira kukagula, n'kumamwa mmene afunira. Posakhalitsa ena anayamba kunjenjemera, kuonda, mtima kugunda ngati ng'oma. Mbali imeneyi ya mbiri simudzaiona pa botolo lililonse.

Munthu wamkulu amafunika mamaikulogalamu 150 a ayodini patsiku, mayi woyembekezera 250 (mamaikulogalamu miliyoni imodzi ndi amene amapanga galamu imodzi). Galamu imodzi yokha ya kombu wouma, ndere imene a ku Japan amaphikira msuzi, imatha kukhala ndi oposa 1,500. Nori, yopyapyala ija yokulungira mpunga, ili ndi ochepa kwambiri. Zonsezi amazitcha ndere, koma mphamvu n'zosiyana kutalitali, ndipo ngakhale mtundu umodzi womwewo umasintha malinga ndi nyanja, nyengo ndi kaumitsidwe. M'mphepete mwa nyanja ku Hokkaido, madokotala anapeza anthu otupa khosi chifukwa chodya kombu wambiri. Kuperewera kumatupitsa, kuchuluka nakonso kumatupitsa.

Dzina loti sea moss nalonso n'losokoneza. Sea moss yeniyeni ndi kandere kofiira ka m'miyala ya ku Ireland, komwe ankakawiritsa mumkaka n'kupatsa wa chifuwa kuti kukhosi kufewe. Zambiri zimene zikugulitsidwa lero ndi dzinali ndi mitundu ina ya m'nyanja zofunda, monga imene amayi a ku Paje ndi Jambiani ku Zanzibar akhala akulima pazingwe kuyambira 1989. Iwo amati mwani, ndipo yambiri imatumizidwa kunja kukapanga zolimbitsira ayisikilimu ndi mankhwala otsukira mano. Ulimi wabwino ndithu, koma palibe amene amayeza ayodini wa m'botolo limene wina wapera kukhitchini kwake. Zoti muli michere 92 ndi mawu amalonda basi. Nanga ndani anawerenga? Komanso ndere sizisankha, zimayamwa za m'madzi zabwino ndi zoipa zomwe. Mu 2004 boma la Britain linachenjeza anthu kuti asamadye ndere yotchedwa hijiki chifukwa cha poizoni wa arsenic.

Wina asaganize zokavuula ndere za m'nyanja ya Malawi kapena za m'damu. Madzi opanda mchere alibe ayodini wokwanira, ndipo ndere zina zobiriwira zoyandama zimawononga chiwindi.

Sindikunyoza ndere ayi. Mankhwala a Gaviscon a kutentha pamtima ali ndi alginate wochokera m'ndere, ndipo nsalu zina zomangira mabala otuluka madzi n'zochokera komweko. Agar, amene amameretsapo tizilombo m'malabotale, nayenso ndi wa m'ndere. Kusiyana kwake n'koti zonsezi zinayezedwa. Ayodini naye anamuyeza n'kumuthira mumchere, kuyambira ku Switzerland mu 1922, ndipo mchere wa m'mapaketi umene mumagula pagolosale ndi mdzukulu wa phulusa la ku Salerno lija. Ine ndimati wogulitsa botolo lopanda mlingo akutibwezera ku nthawi ya Coindet.

Nanga amayi anu?

Musagule. Chithokomiro cha zaka makumi anayi nthawi zambiri chimakhala ndi timibulu m'kati timene timapanga mahomoni patokha osamvera thupi. Mukatipatsa ayodini wambiri mwadzidzidzi timagwira ntchito mopitirira, ndipo kwa munthu wachikulire mtima ndi umene umayamba kuvutika. Chotupa chakale chotere sichiphwanso ndi ayodini.

Pitani nawo kuchipatala chachikulu akayezetse magazi a TSH, osonyeza mmene chithokomiro chikugwirira ntchito, ndi kuunika khosi. Musachedwe ngati chotupacho chikukula msanga, mawu asasa, kapena akuvutika kumeza ndi kupuma akagona chagada. Kunyumba, mchere wa ayodini wosapitirira supuni yaing'ono imodzi patsiku ndi wokwanira. Muziusunga m'botolo lotseka, kutali ndi moto ndi chinyezi. Ngati kwanu ndi kwa kondowole, chinangwa chowawa chiziviikidwa masiku atatu kapena kuposera mpaka chifewe, n'kuuma bwinobwino, chifukwa poizoni wotsalamo amatchinga ayodini kulowa m'chithokomiro. Ngati ayamba kale kumwa sea moss, asiye, ndipo botololo mukapite nalo kwa dokotala.