Kwa mayi amene amuna awo akudikira opaleshoni koma amasuta fodya

Mayi, mwati abambo akunyumba awapatsa tsiku la opaleshoni ya heniya (chotupa chimene chimabwera matumbo akatulukira pamalo ofooka a mimba) mwezi wamawa, amasuta tsiku lililonse, ndipo akuti asawauze adokotala poopa kubwezedwa. Ayi, awauze ndithu, makamaka amene adzawagonetse aja. Wogonetsa safunsa za fodya kuti adzudzule munthu. Amafuna adziwe chifuwa chimene akukalimbana nacho, akonzeretu mankhwala ndi zida.

Mu utsi wa fodya muli mpweya wa carbon monoxide, womwe uja umapha anthu akagona ndi mbaula m'nyumba yotseka. Mpweyawu umakakamira m'magazi kuposa okosijeni maulendo oposa 200, choncho magazi a wosuta amanyamula okosijeni wochepa pa nthawi imene thupi likumufuna kwambiri. Mwayi wake ngwakuti umachoka msanga: akangokhala maola 12 mpaka 24 osasuta, wambiri umakhala watuluka.

Chifuwa ndiye sichichedwa kuonetsa. Munthu akagonetsedwa amamulowetsa kachubu pakhosi kuti azipumira. Njira ya mpweya ya wosuta imakhala yonyerenyesa kale, ndiye ikakhudzidwa imatha kufinyika, munthu n'kuyamba kulira m'chifuwa, makhololo ali tho. Akadzuka amafuna kutsokomola koma bala likupweteka, amadzigwira, makhololo aja n'kukhazikika m'mapapo. Chibayo chimayambira pamenepo.

Koma ine chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri pa heniya ndi bala. Nikotini, mankhwala a mu fodya amene amapatsa munthu chibaba, amafinya timitsempha ta magazi ta pakhungu, pamene bala limapola ndi magazi omwewo. Ndiye mumaona wina tsiku lochotsa ulusi pouma bwinobwino, mnzake wosuta m'mphepete mwa bala mwada, mukutuluka madzi kapena mafinya, kumangobwerera kuchipatala kukatsukitsa. Onjezerani chifuwa chosatha chikukankha pamene asoka paja, heniya imatha kubwereranso. Ngakhale fupa lothyoka limachedwa kulumikizana mwa anthu osuta.

Mu January 2020 bungwe la WHO, loona za umoyo padziko lonse, linatulutsa lipoti loti amene asiya fodya milungu inayi kapena kuposerapo opaleshoni isanachitike amachira bwino ndipo mavuto amachepa. Abambowo nthawi akadali nayo, bola asiye lero, osati Lolemba. Masiku oyamba mwina azitsokomola kuposa kale, musadabwe, ndi mapapo akudziyeretsa. Zoti kusiya pafupi ndi opaleshoni n'koopsa zinali maganizo akale, kafukufuku sanazitsimikize.

Ena amati heniya amangobaya jakisoni wapamsana, ndiye fodya alibe ntchito. Zoona nthawi zambiri amabaya pamsana, koma jakisoniyo akapanda kugwira bwino amagonetsa munthu yense pompo. Komanso bala silidziwa kuti munabayidwa pati.

Asathawire ku chingambwe, fodya wa mphuno, shisha kapena vape poganiza kuti n'zopepuka. Nikotini ali momwemo. Ngati chibaba chawakulira, afunse adokotala za timapepala tomata pakhungu kapena chingamu cha nikotini, chifukwa zimenezo zilibe utsi. Ndipo ngati amalawako chamba kapena amamwa mowa kwambiri, anenenso, poti zimasintha kuchuluka kwa mankhwala ogonetsa amene thupi limafuna. Akatuluka m'chipatala, anzawo obwera kudzazonda aja asawabweretsere ndudu, ndipo osuta azikasutira panja.