Yankho kwa ofuna galamafoni yabwino ya pakhomo

Achimwene, poti mukungoyamba kumene, gulani galamafoni yobwera ndi mkono wake (kandodo konyamula singano) womangiratu, monga Rega Planar 1 kapena Audio-Technica AT-LP120X. Zogula mkono padera zisiyeni kaye, zimadya ndalama komanso kuumanga kumafuna luso.

Mukapeza Technics SL-1200 MK2 yakale yosamalidwa bwino, musaisiye. Inatuluka mu 1979 ndipo ilibe lamba wozungulitsa mbale woti n'kutha. Koma gwirani mkonowo mofatsa musanapereke ndalama. Ukamagwedera pomwe wamangidwapo, kapena ukamakakamira poyenda, mawu adzamveka okanda ngakhale mutagula singano yodula. Onaninso kuti uli ndi cholemera kumbuyo chosinthira mphamvu ya singano, nthawi zambiri pafupifupi magalamu 2. Tigalamafoni totchipa tonga sutikesi tilibe chimenechi, ndipo ndaona mbale zabwino zikutha msanga nato.

Ngati ampulifaya yanu ilibe polowetsa polembedwa phono, mufunikanso phono preamp, kachipangizo kokweza mawu ochokera ku singano (magalamafoni ena, monga AT-LP120X, amakhala nako kale mkati), apo ayi mawu adzamveka pansi kwambiri.

Galamafoni yochokera ku America kapena ku Japan musailumikize kumagetsi athu a 230V asanaione katswiri wa zamagetsi. Yakale yong'ung'udza mupite nayonso kwa iyeyo.